TeNPy pa ntchito ya mphamvu zofika patali: njabwino poyambira, koma mchira wa 1/r^α muziuyang'anira nokha

TeNPy ndi pulogalamu yaulere ya Python yowerengetsera zinthu za quantum zomwe muli tizidutswa tambirimbiri tokhudzana. Johannes Hauschild ndi Frank Pollmann anaifotokoza koyamba mu SciPost Physics Lecture Notes mu 2018, ndipo mtundu wa 1.0 unatuluka mu 2024. Imachita zambiri, koma pano tikuiyeza pa ntchito imodzi yokha: pamene kachidutswa kalikonse kakukoka kapena kukankha tinzake tonse, ngakhale takutali, ndi mphamvu yozilala pang'onopang'ono ngati 1/r^α (r ndi mtunda wa pakati pa tizidutswa tiwiri, α ndi nambala yonena kufulumira kwa kuzilalako). Maganizo athu ndi awa. Pa unyolo wa mzere umodzi, kwa munthu wodziwa kale Python, palibe poyambira pabwino kuposa pamenepa. Koma ndi pulogalamu yomwe ingakuwerengetsereni model ina yosiyana ndi imene mukuganiza kuti mwalemba, n'kukupatsani manambala okongola osakuchenjezani chilichonse. Nthawi zambiri vutolo limabisala kumchira, kumene mphamvu yachepa koma siinathe.

Ntchito zamtunduwu si zongopeka. Ma ion ogwidwa mu msampha wa magetsi amakhudzana ndi α amene woyesa angamusinthe pakati pa 0 ndi 3, ndipo magulu a ku Maryland ndi ku Innsbruck anaonetsa mu 2014 mmene uthenga umafalira mu unyolo wotero. Ma atomu a Rydberg amakankhana ngati 1/r^6, ma dipole ngati 1/r^3, ndipo Coulomb ndi 1/r basi. Ku mbali ya ma superconductor, kambewu kakang'onong'ono ka aluminium konga timene Ralph, Black ndi Tinkham ankayesa ku Harvard chapakati pa zaka za m'ma 1990 kamafotokozedwa ndi Hamiltonian (masamu ofotokoza mphamvu zonse za mu system) imene level iliyonse imalumikizana ndi ma level ena onse mofanana. Kumeneko α ndi 0, kutanthauza kuti mtunda ulibenso ntchito.

Kuika pa kompyuta

Apa palibe chovuta. Dzina la phukusi ndi physics-tenpy, pa pip ndi pa conda-forge pomwe, osati tenpy yekha. Mbali zina zinalembedwanso mu Cython kuti zizithamanga, ndipo zikapanda kumangika pulogalamu imayendabe koma mochedwerapo, makamaka pamene χ (kukula kwa ma matrix a MPS, matrix product state, mmene TeNPy imasungira state) ndi wamng'ono ndipo nthawi yambiri ikuthera pa kusanja timabuloko ta ma charge. Chinthu chimodzi choti mukonze tsiku loyamba ndi chiwerengero cha ma thread. Mukasunga symmetry, matrix yaikulu imagawika timabuloko tambiri tating'ono, ndiye kuipatsa ma core 32 sikufulumizitsa kanthu, mwinanso kumachedwetsa. Ikani OMP_NUM_THREADS pa 2 kapena 4, yesani sweep imodzi (ulendo umodzi wodutsa unyolo wonse), onani nthawi, kenako ma core otsalawo muwapatse ma α ena.

Njira ziwiri zolembera mphamvu ya patali

Nkhani yagona apa. DMRG ya TeNPy, njira yofufuzira ground state (state ya mphamvu yotsikitsitsa), imafuna Hamiltonian yolembedwa ngati MPO (matrix product operator, mndandanda wa ma matrix, imodzi pa malo alionse a unyolo), ndipo MPO ili ndi kukula kwake, kumene tikutchule D. Ntchito ya sitepe iliyonse imakula ngati χ³D kuphatikizapo χ²D², choncho D akafufuma, zonse zafufuma.

Njira yoyamba ndi imene aliyense amayamba kuiganiza: kulemba loop ya mtunda kuchokera 1 mpaka L−1 (L ndi chiwerengero cha malo a pa unyolo), n'kumaitana add_coupling pa mtunda uliwonse ndi mphamvu J/r^α. Njirayi ndi yolondola kotheratu, palibe choyerekezera. Koma pa malire alionse a pakati pa malo awiri, MPO iyenera kukumbukira malo onse a kumanzere amene akudikirabe anzawo a kumanja, motero D amakula limodzi ndi L. Pa unyolo wa malo 100, pakatikati D amapitirira 50 ndipo chakumapeto amayandikira 100. Tiwerengetse RAM. Tensor imodzi ya environment, imene imasunga chidule cha mbali yotsala ya unyolo, ili ndi manambala χ²D. Pa χ = 1000 ndi D = 100, nambala iliyonse ma byte 8, imeneyo ndi 800 MB, ndipo DMRG imasunga pafupifupi imodzi pa malo alionse. Manambala akakhala complex, chulukitsani kawiri. Symmetry imachepetsako ndithu, koma laputopu siingapirire. Komabe njirayi musaitaye. Pa L wa 20 kapena 30 ndiyo muyezo wanu woonera ngati njira yachiwiri ikunena zoona.

Njira yachiwiri imadalira chinthu chimodzi chokoma cha MPO: mphamvu yozilala ngati λ^r imangofuna mzere umodzi wowonjezera, kaya unyolo utalike bwanji. Ndiye mumatenga 1/r^α n'kuiyerekezera ndi ma exponential angapo ophatikizidwa, monga anasonyezera Crosswhite, Doherty ndi Vidal mu 2008, kenako Pirvu, Murg, Cirac ndi Verstraete mu 2010. TeNPy ili ndi zida zonse ziwiri zofunika. Mu tenpy.tools.fit muli fit_with_sum_of_exp, imene mumaipatsa function yanu, chiwerengero n cha ma exponential, ndi mtunda N woti iyerekezere mpaka pamenepo; imakubwezerani ma λ ndi zochulukitsira zake. Kenako pa λ aliyense mumaitana add_exponentially_decaying_coupling. Pa model ya Ising, D amangokhala n + 2. Ma exponential 10 akupatsani D = 12, ndipo tensor ija ya 800 MB yatsika kufika 96 MB. Mizere ya code siikwana 10. Apa tikuwayamikira olemba pulogalamuyi, chifukwa kulemba MPO yotere pamanja ndi ntchito ya tsiku lathunthu yodzaza ndi zizindikiro zosokonekera.

Tsopano msampha. N mukapanda kumutchula amakhala 50. Kupitirira mtunda umenewo palibe chimene chikukakamiza ma exponential kutsata 1/r^α, ndipo chikhalidwe cha exponential ndi kufa msanga. λ aliyense ali ndi utali wake, −1/ln λ. Pa λ = 0.98 utaliwo ndi pafupifupi malo 50. Kuti mufike malo 1000 mukufunika λ wa 0.999. Ngati unyolo wanu uli ndi malo 200 ndipo mwasiya N pa 50, malo akutali akukhudzana mofooka kuposa mmene pepala lanu likunenera, ndipo palibe uthenga wofiira umene utuluke. DMRG ikhazikika bwinobwino, truncation error ikhala yaing'ono, koma ndi ground state ya Hamiltonian ina. N akhale L−1 kapena kuposerapo, nthawi zonse.

Msampha wachiwiri uli pa kayezedwe ka kuphonya. Ambiri amaphatikiza kusiyana konse pakati pa function yeniyeni ndi yoyerekezera, akaona 10^−5 n'kukhutira. Koma pa α = 3, mphamvu yeniyeni pa r = 100 ndi 10^−6. Kuphonya kwa 10^−5 kumeneko kukuposa mphamvuyo ka 10, ndipo kungathe ngakhale kutembenuza chizindikiro, kukoka n'kusanduka kukankha. Chimene muyenera kujambula ndi kugawa: sum_of_exp kugawa ndi r^−α pa r aliyense kuyambira 1 mpaka L−1. Mzerewo uyenera kukhala pa 1 mpaka kumapeto. Ukayamba kugwedezeka kumchira, onjezani n. Yang'ananinso ma λ enieniwo ndi maso. Mukachulutsa n mopitirira, njira yoyerekezerayi imatha kutulutsa λ wa complex kapena woposa 1. Wa complex amasandutsa MPO yonse kukhala complex, ndipo RAM ndi nthawi zimakwera popanda phindu. Woposa 1 amakula m'malo mozilala, chomwe pa unyolo wopanda malire ndi tsoka lenileni. Tikanakonda pulogalamu ikanamachenjeza yokha pa zinthu zimenezi. Pakali pano udindowo ndi wanu.

Kac, ndi chifukwa chake malo 100 ndi ochepa

TeNPy siigawa mphamvu ndi Kac normalisation (nambala yochokera pa kuphatikiza 1/r^α konse, yoletsa mphamvu pa malo amodzi kukula ndi L), ndipo nkoyenera kuti isatero, chifukwa anthu sagwirizana pa kalembedwe kake. Pa malo awiri i ndi j, ena amaphatikiza pa i < j, ena pa i ≠ j, ndipo kusiyana kwake ndi 2 wathunthu. Musanayerekeze critical point yanu ndi ya munthu wina, onani kaye kuti iye anagawa ndi chiyani. Pamene α ali 1 kapena kutsika, kuphatikiza 1/r^α sikufika pothera, mphamvu pa malo amodzi imakulirakulira ndi L, ndipo popanda Kac simungayerekeze L awiri osiyana.

Ngakhale α ataposa 1 pang'ono, musapumule. Pa α = 2, kuphatikiza mpaka kosatha kumapereka π²/6, pafupifupi 1.645, ndipo malo 100 oyamba akwaniritsa kale zonse kupatula 0.01. Pa α = 1.5 nambala yonse ndi 2.612, koma malo 100 amangofika 2.41, kutsala pafupifupi 8 pa 100. Pa α = 1.1 nambala yonse ndi 10.58, ndipo malo 100 amapereka 4.28 yokha, osafika ndi theka lomwe. Ndiye munthu akaona critical field ikusunthasuntha ndi L n'kumaimba mlandu DMRG, akulakwira pulogalamu. Ndi masamu a mchira. Pa ferromagnetic Ising ya mu transverse field, α wochepera 5/3 amapereka ma exponent a mean field, α wofika cha ku 3 amabwerera ku Ising wamba, ndipo pakati pamenepa ma exponent amasintha ndi α. Dera lapakatili ndi limene anthu amalifuna kwambiri, ndipo ndi limenenso L wamng'ono amanamiza kwambiri.

Mayeso awiri a superconductor amene yankho lake likudziwika

Pulogalamu yamtunduwu siiyezedwa ndi kukongola kwa zithunzi zake. Imayezedwa poipatsa funso limene yankho lake muli nalo kale m'thumba. Pa ma superconductor pali mafunso awiri otero, ndipo TeNPy imawalandira onse bwino.

Loyamba ndi reduced BCS Hamiltonian (BCS ndi chiphunzitso cha Bardeen, Cooper ndi Schrieffer cha ma superconductor), imene Richardson anaipezera yankho lenileni mu 1963. Muli ma level a mphamvu ε_j, ndipo Cooper pair (ma electron awiri omangirirana) ingadumphe kuchoka pa level iliyonse kupita pa ina iliyonse ndi mphamvu −g. Anderson anali atanena kale mu 1959 kuti mpata wa pakati pa ma level ukafika pofanana ndi gap ya chitsulo chachikulu, chithunzi cha BCS chimasweka, ndipo Dukelsky ndi Sierra anagwiritsa ntchito DMRG pa funso lomweli mu 1999. Mu TeNPy mumalemba ndi ma pseudospin a Anderson. Level yokhala ndi pair ndi spin yoloza m'mwamba, yopanda kanthu ndi yoloza pansi, ndipo level yokhala ndi electron mmodzi yekha mumaichotsa pa unyolo chifukwa pair siingalowepo. Tengani SpinHalfSite ndi conserve='Sz', kuti chiwerengero cha ma pair chisasinthe. Sanjani ma level motsata mphamvu zake. Pa unyolo wokhala ndi malire, λ = 1 ndiye mphamvu yofika paliponse mofanana, ndiye mumalumikiza Sp ndi Sm kamodzi, ndi plus_hc=True. D amangokhala 4. Palibe choyerekezera, palibe mchira wodetsa nkhawa.

Koma pali pogwera. add_exponentially_decaying_coupling imaphatikiza pa i < j pokha, pamene Hamiltonian yolembedwa pa j ndi k onse ilinso ndi gawo la j = k, lomwe limapereka −g pa pair iliyonse. Gawo limeneli muyenera kuliwonjezera nokha ndi add_onsite. Kuti mudziwe ngati mwaiwala, ikani ε onse pa 0. Ndi ma level L ndi ma pair M, mphamvu ya ground state iyenera kukhala −g·M·(L−M+1). Pa L = 20 ndi M = 10 imeneyo ndi −110g. Mukapeza −100g, gawo lija mwalisiya. State imeneyi ndi ya Dicke, ndipo χ wake sapitirira 11 pa L = 20, ndiye kuwerengetsaku kumatha musanamalize kuthira tiyi. Kenako bwezerani ma ε otalikirana mofanana, yambani ndi Fermi sea ngati product state, ndipo muone mmene condensation energy ikusinthira pamene mpata wa ma level ukukula. Entanglement imaunjikana pa Fermi level, ndipo mukajambula psi.entanglement_entropy mumaona kaphiri kamodzi pakati penipeni pa unyolo, kumbali zonse kuli pafupifupi ziro.

Lachiwiri ndi unyolo wa Kitaev wa 2001, koma wokhala ndi pairing yozilala ngati Δ/r^α, umene Vodola, Lepori, Ercolessi, Gorshkov ndi Pupillo anaufufuza mu 2014. Ubwino wake ngwakuti Hamiltonian ndi ya quadratic, choncho matrix ya Bogoliubov–de Gennes (BdG) ya 2L × 2L ndi numpy.linalg.eigh zikupatsani yankho lenileni pa L wa masauzande. Ndiye mayesowa amayeza zinthu zitatu pa kamodzi: ma exponential anu, zizindikiro za ma fermion, ndi kukhazikika kwa DMRG. Gwiritsani ntchito FermionSite ndi conserve='parity', chifukwa pairing imaswa kusungika kwa N, amene pano ndi chiwerengero cha ma fermion. Mukaika 'N', pulogalamu ikana gawo la C ndi C, ndipo apa imakuchenjezani momveka. Pa chemical potential tengani dN, yomwe ndi n − 1/2, kuti nambala yotsalira igwirizane ndi theka la kuphatikiza kwa ma eigenvalue. Unyolo wa Jordan–Wigner TeNPy imauika yokha mukasiya op_string osakhudza. Chinthu chimenechi chokha chimapulumutsa masabata, chifukwa pa pairing ya patali unyolowo uyenera kudutsa malo onse a pakati, ndipo chizindikiro chimodzi cholakwika chimasintha physics yonse osaswa kanthu kooneka.

Zinthu ziwiri zimasokoneza anthu pa model imeneyi. DMRG siichoka mu parity ya state imene mwayambira, ndiye muyenera kuyendetsa kawiri, kamodzi ndi ma fermion a chiwerengero cha even, kenako cha odd. Kusiyana kwa mphamvu ziwirizo ndiko kumakuuzani za ma edge mode. Pa α wamkulu mu topological phase kumatsikira ku ziro L akamakula, pamene α akatsika pansi pa 1 ma mode a kunsongawo amapeza mass ndipo kusiyanako kumatsala. Chinacho ndi malire. Mapepala ambiri amagwiritsa ntchito unyolo wozungulira, mtunda wake kukhala wochepa mwa l ndi L−l, pamene MPS yanu ndi yotseguka kunsonga. Mangani matrix ya BdG yotseguka chimodzimodzi, apo ayi mudzataya masiku kufunafuna cholakwa chimene kulibe. Dziwaninso kuti pansi pa α = 1 entropy imakula ngati log L ngakhale pali gap, motero χ amene anakwana pa malo 50 sangakwane pa malo 200.

DMRG yeniyeniyo

TwoSiteDMRGEngine ndi yodalirika, koma pa mphamvu za patali musaiyendetse popanda mixer, chida chosokoneza state pang'ono kuti isakakamire panjira. Kukonza malo awiri oyandikana sikuona gawo la Hamiltonian limene likusamutsa charge kuchoka pa malo 10 kupita pa malo 60, ndiye ma charge sector ena sabadwa n'komwe, ndipo mphamvu imaima pamwamba ngati kuti yafika pansi. White anakonza vutoli mu 2005 posokoneza density matrix pang'ono, Hubig ndi anzake anabweretsa subspace expansion mu 2015, ndipo zonse ziwiri zilimo. Ikani mixer pa True, amplitude yoyambira cha pa 10^−3 kapena 10^−4, izilale ndi sweep iliyonse, ndipo izime pakatha ma sweep 20 kapena 30. Ma sweep otsiriza ayende mixer itazima, apo ayi muyeza state yodetsedwa. χ muzimukweza pang'onopang'ono ndi chi_list, mwachitsanzo 50, kenako 100, 200, 400, osati kuyamba ndi wamkulu. Kuyamba ndi wamkulu kumadya nthawi pa state imene ikadali kutali ndi yankho.

Truncation error yaing'ono si umboni wakuti mwafika. Pa unyolo wokhala ndi malire, H_MPO.variance imakupatsani muyezo woona, ndipo D akakhala wamng'ono ndi yotsika mtengo. Yambaninso kuchokera ku ma product state awiri kapena atatu osiyana. Pa L = 10 yerekezani ndi ExactDiag, imene ili m'pulogalamu momwemo ndipo imawerenga MPO yomweyo; imeneyi imagwira zolakwa za DMRG, koma siingagwire zolakwa za MPO, n'chifukwa chake mayeso a Richardson ndi BdG ali ofunika pawokha. Pa ferromagnet yosunga parity muona entropy yowonjezera ya ln 2, pafupifupi 0.693, chifukwa state ndi yosakaniza mbali zonse ziwiri. Magnetisation idzakhala ziro, ndiye yezani square yake kapena Binder cumulant. Chimodzimodzi pa superconductor yosunga N: ⟨cc⟩ ndi ziro mwa lamulo, ndipo choyeza ndi correlation ya pair ndi pair.

Pa bc_MPS='infinite' nkhani ya mchira imabweranso mwaukali. Kumeneko kulibe L woti N afanane naye, ndiye λ wanu wamkulu koposa ndiye amaika malire a model. Mu system ya mphamvu za patali, ma correlation amazilala ngati power law ngakhale pali gap, koma MPS ya χ wowerengeka imangodziwa ma exponential. Mukakweza χ, correlation_length imakula, ndipo ikangopitirira utali wa λ wamkulu uja, zimene mukuona ndi khalidwe la model ya mphamvu zapafupi. Ma exponent amatha kuoneka ngati akubwerera ku a Ising wamba pamene sakuyenera kutero. Mankhwala ake ndi kubwereza zonse ndi N wowirikiza kawiri ndi n wokulirapo. Yankho likasuntha, simunafike.

Kuyendetsa nthawi

Pa njira zoyendetsera state mu nthawi, TEBD iiwaleni, imafuna Hamiltonian ya malo oyandikana okha. Zotsala ndi TDVP ndi ExpMPOEvolution, yomwe imagwiritsa ntchito njira ya W^II ya Zaletel ndi anzake ya 2015. SingleSiteTDVPEngine imasunga mphamvu bwino koma siikulitsa χ, ndiye mukayambira pa product state imakhala pa χ = 1 mpaka kalekale. TwoSiteTDVPEngine imakulitsa χ, koma m'masitepe oyamba projection error ya magawo akutali ndi yaikulu, ndipo siioneka mu truncation error. Njira yabwino ndi kuyenda masitepe oyamba ndi W^II ya order 2 ndi dt (sitepe ya nthawi) wamng'ono, χ akakula n'kusamukira ku TDVP. Bwerezani ndi theka la dt. Pa α wamng'ono sankhani dt potengera mphamvu yonse imene malo amodzi akumva, osati J yekha, chifukwa popanda Kac mphamvuyo ingakhale yoposa J kangapo.

Pamene imaperewera

Pa 2D pulogalamu siinafike pokhutiritsa. MPS imayenda pa cylinder ngati njoka, ndipo add_exponentially_decaying_coupling imawerenga mtunda motsata njokayo, osati mtunda weniweni wa pa lattice. Pali subsites yothandiza kusankha mzere umodzi, koma Coulomb yathunthu pa cylinder imafuna ntchito yambiri ya pamanja, ndipo D amakula msanga.

Chachikulu kwambiri n'chakuti mtundu wa 1 umasunga ma symmetry a abelian okha, U(1) ndi Z_n. SU(2) mulibe. Pa funso ngati la Hubbard model pa cylinder, limene Jiang ndi Devereaux anapeza superconductivity pa mizere 4 mu 2019 atawonjezera t′ (kudumpha kwa ma electron kupita pa malo achiwiri oyandikana), ndipo Qin ndi anzake sanaipeze mu model yopanda t′ mu 2020, χ amafika masauzande makumimakumi, ndipo kumeneko SU(2) ndiyo imasiyanitsa chotheka ndi chosatheka. Wofuna ntchito yotero ayang'ane block2 kapena MPSKit ya Julia. ITensor ya ku Flatiron Institute ili ndi ubwino wina: OpSum yake imapanikiza MPO yokha pa unyolo wokhala ndi malire, ndiye mumangolemba magawo onse osavutika ndi ma exponential. Kumbali yake, TeNPy ndi yokhwima pa unyolo wopanda malire, ndipo VUMPS, njira yofufuzira ground state pa unyolo wotero, inalowamo mu mtundu wa 1.

Pa extended Hubbard ya mzere umodzi, TeNPy imakwana. Funsoli linatentha pambuyo pa 2021, pamene ARPES (kuyeza ma electron otulutsidwa ndi kuwala) pa cuprate ya unyolo Ba2−xSrxCuO3+δ inaonetsa kukokana kwamphamvu pakati pa malo oyandikana. SpinHalfFermionSite yosunga N ndi Sz, Ntot ndi Ntot zolumikizidwa ndi ma exponential, ndipo mwayamba. Ngati ndi Coulomb ya 1/r, kumbukirani zimene Schulz anasonyeza mu 1993, kuti correlation ya 4k_F imazilala mochedwa kuposa power law iliyonse. Pa unyolo wotseguka ikani background charge yothetsa charge ya ma electron, apo ayi ma electron athawira kunsonga.

Ntchito zazitali muziziyendetsa ndi Simulation ndi fayilo ya YAML. Imasunga zotsatira mu HDF5 pamodzi ndi ma parameter onse, imatha kupitiriza ntchito imene inadukira panjira, ndipo χ akakula imatha kutaya ma environment pa disk m'malo mwa RAM. Pulogalamu imalembanso chenjezo pa parameter imene mwaipereka koma siinagwiritsidwe ntchito, ndipo chenjezo limeneli muziliwerenga, chifukwa nthawi zambiri ndi dzina lolembedwa molakwika. Chimene siisunga yokha ndi ma λ ndi zochulukitsira zake ngati munaziwerengetsera mkati mwa init_terms. Zilembeni mu fayilo ya zotsatira pamodzi ndi n, N, ndi kuphonya kwakukulu kwa kugawa kuja pa r aliyense mpaka L−1.